Chimene Chinadya Ndowa ya Amayi

Ndikukumbukira chaka chimene abambo anabwerera kuchokera ku Halale atanyamula ndowa ziwiri zachitsulo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kwathu kufupi ndi Nambuma ndowa zinali zisanachuluke. Amayi, pokondwa, anasiya mbiya n'kuyamba kuviika mphale m'ndowa imodzi. Posakhalitsa inachita dzimbiri pansi, ufa n'kumatuluka wofiirira, kenako inayamba kudontha.

Pakhomo panavuta. Abambo ankati amayi amaikwecha ndi mchenga mopanda chisoni, amayi ankati abambo anagula chitsulo chabodza. Anafika pomalankhulana kudzera mwa ine.

Amalume, amene ankakonza njinga ku Nsaru, atabwera kudzationa anamvetsera mbali zonse, n'kuseka.

"Alamu, inu ndi achemwali mukukangana pachabe. Tifunse chitsulocho. Iwe Maliya, ntchitoyi ndi yako."

Anadula sipoko yakale ya njinga m'tizidutswa tisanu tofanana n'kundipatsa. Kamodzi ndinakaika m'chikho cha madzi a pachitsime, kena m'matsukwa, madzi owawasa aja otsala poviika mphale. Kachitatu ndinakapaka mafuta a nsatsi ndisanakaponye m'matsukwa. M'chikho chomaliza, cha matsukwanso, amalume anafinyiramo fodya wa abambo wonyowetsa, ine n'kuponyamo kachinayi. Kotsala tinakasunga pouma.

M'mawa uliwonse ndinkathamangira kuseri kwa nkhokwe kukasuzumira m'zikho zija, fungo lowawasa likundilasa m'mphuno. Mwezi wina utaoneka amalume anabweranso. Tinapukuta tizitsuloto, n'kupanga sikelo ya bango ndi ulusi, ndipo ine ndinkayeza kalikonse ndi kouma kaja. Ka m'madzi kanangofiira. Ka m'matsukwa kanapepuka, kali timaenjemaenje ngati chimanga chofumbwa. Ka nsatsi kanali bwinobwino, ka fodya kanadyeka pang'ono chabe.

Amayi anatola kodyekako n'kukatembenuza m'manja. "Ndiye kuti ndi matsukwa, eti?"

"Si mchenga ayi," abambo anavomera, akukanda m'mutu. "Komanso si chitsulo chabodza."

Anayang'anizana, onse n'kuphulika kuseka. Mphale inabwerera m'mbiya. Ndowa inayo inakhala ya madzi okha, ndipo kunsi kwake ndinkakupaka nsatsi ndekha. Inanditumikira mpaka pamene ndinakwatiwa.

Lero ndakalamba, ndipo ndikaona anthu okondana akulozana chala, sindifulumira kufunsa kuti wolakwa ndani. Nthawi zambiri pamakhala palibe woipa. Pamangokhala kanthu kamene onse awiri sakukadziwa, ndipo palibe amene wakhala pansi kuti akayese.