Babu la bambo

Ntchito yanga kunja kuno ndi yoyeza tinthu tosaoneka ndi maso. Mu labotale muli chimgolo chachitsulo. Timalowetsamo mpweya pang'ono n'kuutentha mpaka uziwala, ndiye plazima ameneyo. Ine ndimapisamo kawaya koyezera kuchuluka kwa maayoni, tizidutswa ta mpweyawo, amene akumenya kachitsulo kakang'ono ngati chikhadabo, kuti tidziwe kamadyeka msanga bwanji. Akuluakulu athu amati tsiku lina zimenezi zidzathandiza kupanga magetsi. Tsiku lakelo mwina lidzandipeza ndili kumanda.

Zonsezi ndinawafotokozera bambo pafoni, ndipo za magetsizo ndinazikometsera, poti kachitsulo kokha sikakanawasangalatsa.

Ndinapita kutchuthi kwathu ku Bowe fodya ali m'zigafa. Lamulungu Misa itatha, alendo timaimiritsidwa kuti mpingo utione. Bambo sanadikire a katekisiti. Anaimirira okha n'kunena kuti, "Uyu ndi mwana wanga, amene akutipangira magetsi uja." Amayi a mumpingo anaimba nthungululu. Ine ndinangomwetulira, thukuta lili kamukamu.

Anthu anatiperekeza mpaka kunyumba. Dzulo lake ndinali nditaona waya woyera atakhomedwa m'khoma la pabalaza, swichi pakhomo, ndi babu likulendewera kudenga, koma ndinaopa kufunsa. Kwathu mapolo a magetsi sanafikeko. Bambo anaonetsa anthu zonsezo, akudina swichi uku ndi uku ngati mwana.

"Tawauza anthuwa, mwananga," anatero. "Liyaka liti?"

Ndinachita manyazi osaneneka. Kunama kunali pafupi, koma anthuwa akanamawafunsa bambo chaka ndi chaka.

"Bambo, zimene ndimachita ine sizifika kuno msanga," ndinatero, maso ali pansi. "Ine ndimangoyeza mmene chitsulo chikudyekera."

Palibe anaseka, ndipo zikanakhala bwino akanaseka. Wina anati akaone mbuzi, wina anati mphika uli pamoto, mpaka pabalaza tinatsala atatu: bambo, amayi ndi ine.

Bambo anakoka mpando, nakwerapo pang'onopang'ono. Ndinati ndiwagwirire, anakana. Anamasula babu lija, kulipukuta ndi malaya awo a kutchalitchi, n'kupatsa amayi.

"Likulungeni pansalu, lingadzale fumbi," anatero. "Wayayo musachotse. Mwanayu akadali pantchito."