Miyendo ya Obse

Obse Gudeta ndinagona naye chipinda chimodzi zaka zisanu ndi ziwiri, kumsasa wa othamanga ku Sululta, pafupi ndi Addis Ababa. Anafika kumeneko kalekale ine ndisanabwere, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, atapambana mpikisano wa sukulu kwawo ku Arsi, wopanda nsapato. Tsiku limene ankanyamuka, mayi ake anaphikira oyandikana nawo onse phala la balere, n'kuwauza kuti mwana wawoyo adzamuona pa kanema.

Pa kanema anaonekadi, koma theka la mpikisano lokha. Akochi athu, a Hunde, anazindikira msanga kuti Obse ukamuuza liwiro amalisunga, osaonjeza osachepetsa, koma mphamvu zomalizira alibe. Ndiye anamupatsa ntchito yotsogolera anzake. Ankathamanga patsogolo kutchinga mphepo, akafika pakati n'kupatuka, ena n'kupitirira kukatenga mendulo. Ngakhale pokonzekera zinali chimodzimodzi: Obse patsogolo, ife pambuyo.

Lachinayi linali tsiku la zitunda, m'nkhalango ya bulugamu. Kukwera, kutsika, kukweranso, mpaka malovu kuwawa. Lachisanu thupi linkangolemera. Zenizeni zinkabwera Loweruka. Ntchafu zinkauma ngati nkhuni, akatumba osafuna kukhudzidwa ndi bulangete lomwe. Masitepe a kuchipinda chodyera tinkatsika chafutambuyo, titagwira khoma.

"Iwe Lensa, dzandikoke," ankandiitana ali m'chimbudzi. "Kunyonyomala ndanyonyomala, koma kudzuka kwakanika."

"Khala momwemo mwali, chakudya ndikubweretsera."

"Ukadzakalamba sudzandiona."

Tinkaseka, koma kuseka nako kunkapweteka m'mimba.

Palibe ankadziwa ululu ngati Obse. Ndiye anandiphunzitsa kuti kuwawa kwa miyendo yonse iwiri, kumene kumachepa ukayenda pang'ono, n'kwabwino: umwe beso, ufa wa balere wokazinga wosungunula m'madzi ndi uchi, uviike miyendo mumtsinje wozizira, ugone masana, pakatha masiku atatu kwatha. Koma kuwawa kwa malo amodzi, kobaya, kumene ungakuloze ndi chala, kumeneko uime. Atsikana atsopano ankabwera kuchipinda kwathu akulira, iye n'kuwatikita minofu ndi mafuta, uku akuwanyoza.

"Ukulira chiyani? Unkayesa kuno n'ku ukwati?"

Vuto linali loti kwa iye masiku atatuwo sankakwana. Ululu wa Lachinayi usanathe, Lolemba tinali kale pamsewu wa tala, iye patsogolo. Lamulo la msasa aliyense ankalidziwa: ukajomba katatu popanda kalata ya dokotala, bedi lako apatsa wina. Ndipo enawo tinkawaona. M'mawa uliwonse pageti pankaima atsikana ochokera kumidzi, zovala zili m'majumbo, kudikira kuti akochi awayang'ane.

Lolemba lina ndinamupeza akumanga nsapato, chala chake chili kuseri kwa ntchafu yakumanzere.

"Pamenepo n'pamalo amodzi," ndinatero.

"Ndikudziwa."

"Ndiye ukupita kuti?"

"Ndajomba kale kawiri mwezi uno."

Tinathamanga makilomita khumi ndi awiri. Kenako ndinangomva kukuwa, Obse ali pansi m'mphepete mwa msewu, gulu lonse likumulambalala. Dokotala anati mnofu wang'ambika, apume milungu isanu ndi itatu, ndipo analemba kalata.

Milungu iwiri yoyamba anavutika. Koma m'mawa wina, ndikubwera kothamanga, ndinamupeza atakhala padzuwa akukazinga khofi, nkhope ili ngwee.

"Lensa, anthu ena amadzuka chonchi tsiku lililonse?"

"Chonchi bwanji?"

"Osamva kanthu. Mwendo wovulalawu wokha ndiye ukulankhula, kwina konseku zii. Ndimayesa kuwawa ndiye thupilo."

Anali ndi zaka makumi atatu. Ananenepa pang'ono, n'kuyamba kuimba posamba. Anandiuza kuti akachira sabwereranso pamsewu, apita kwawo kukalima balere, mwinanso kuweta nkhosa. Anaimbira foni mayi ake ine ndili pompo, mawu akumveka.

"Amayi, ndikufuna ndibwere."

"Bwera mwanangu, udzakhale sabata."

"Ayi, kudzakhaliratu."



"Kudzatani? Munda mchimwene wako anagawana ndi ana ake. M'chipinda chako mukugona mlamu wako. Komanso anthu ndiwauza chiyani? Onse amadziwa kuti uli kutauni, ukuthamangira dziko."

"Sindithamangira dziko amayi. Ndimathamangira anzanga."

"N'chimodzimodzi. Limba mtima."

Obse anaika foni pabedi, n'kupitiriza kupinda zovala zimene anali atayamba kulongedza. Atamaliza anazibwezera m'kabati.

Anayesa kwina. Anapita ku Addis Ababa kukafunsa ntchito m'sitolo ya nsapato ndi m'nyumba yodyera. Konse ankafuna satifiketi ya sukulu, iye sukulu anaisiyira panjira chifukwa cha kuthamanga komweko. Mayi wina anamuyang'ana manja n'kumufunsa chimene amadziwa kuchita. Obse anati amadziwa kusunga liwiro. Mayiyo anaseka, osati mwachipongwe, anangoseka.

Milungu isanu ndi itatu itakwana, a Hunde anafika pakhomo pathu, wotchi ili pakhosi.

"Obse, mwendo uli bwanji?"

"Wachira, akochi."

"Chabwino. Atsikanawa akusokonekera, palibe wosunga liwiro. Lachinayi ndikuone kutsogolo."

"Akochi, bwanji ndizingowatikita anzangawa? Ntchitoyo ndimaitha."

"Uziwatikita madzulo, palibe akukuletsa. Koma bedi lija ndi la wothamanga."

Lachinayi anathamanga. Thupi linali litaiwala, ndiye Loweruka lake linali loipa kuposa onse amene ndinawaona. Analephera ngakhale kutsitsa miyendo pabedi. Ndinamutenthetsera madzi, ndinamuthowa, ndinamutikita monga anandiphunzitsira, iye ataluma pilo. Misozi inkatsikira m'makutu.

"Kodi ndi malo amodzi?" ndinafunsa.

"Ayi. Ndi konsekonse. N'kwabwino kumeneku." Anapumira m'mwamba. "Kukanakhala kwa malo amodzi bwenzi ndili ndi kalata."

Lachiwiri ululu unachepa, Lachitatu anatsika masitepe choyang'ana kutsogolo, Lachinayi tinabwerera kuzitunda.

Ine ndinachoka chaka chotsatira. Bondo linandikana, ndipo ndinakwatiwa ndi Dhaba, woyendetsa minibasi ku Adama. Ndimaphika injera, buledi wopyapyala wodyera ndiwo, yogulitsa m'nyumba zodyera, ndipo ntchito imandichulukira. Ndinamuuza Obse kuti abwere, chipinda chilipo, tizigwira limodzi. Anakondwa kwambiri, mpaka anafunsa ngati ku Adama kumatenthadi monga amanenera anthu. Anati abwera ukangotha mpikisano wa Januwale, chifukwa pali mtsikana wina amene akumudalira kuti amutsogolere.

Januwale ameneyo anadutsa, ndipo adutsanso ena atatu. Nthawi iliyonse pamakhala mtsikana wina. Sabata yatha ndinamuimbira masana, anayankha mochedwa, mawu ali olefuka.

"Ndinagona, mwali. Ndiimbire mawa, lero manja omwe sakugwira foni."

Mawa lake ndinaimba, koma anali atapita kale kumsewu.