Chisa cha Kamchira

Ndikukumbukira, ine, chaka chimene mayi anga anapita kukalima fodya ku esiteti n'kundisiya kwa mayi aang'ono ku Mitundu. Ndinali kamtsikana, mano akutsogolo atangoguluka.

Mvula ikakhazikika, pamsuku wa kumunda pankatera mbalame ya mutu wakuda, khosi lachikasu, chifuwa chofiirira, mchira wautali ngati mpango. Anafe tinkangoitchula kuti Kamchira. Ikauluka, mchira uja pepepe pambuyo, ine maso m'mwamba, khasu pansi.

Tsiku lina tinakanganirana chimanga chootcha ndi Esinati, mwana wa mayi aang'ono. Iye anati ndine Kamchira, mbalame yopanda chisa, yopanda kwawo. Mawuwo anandibaya. Ndinalumbira kuti chisacho ndichipeza, aone kuti nanenso ndili ndi kwathu.

Ndinazonda, ndinazondanso. Kamchira osanyamulako udzu, ntchito kuvina basi. Koma kakazi kake, kotuwa, kopanda mchira wautali, ndinakaona kakulowa mozemba m'chisa cha kampheta ka nkhope yofiira, pachitsamba chaminga, kukaikiramo dzira lake. Mazira ataswa, kamwanapiye kamodzi kanali kokulirapo kuposa anzake. Esinati ananena zoona.

Ndinathamangira kwa mayi aang'ono, misozi chuchuchu, n'kuwauza kuti ndikukakachotsa kobwerako. Anasiya kupalira, n'kunditsata. Anagwedeza nthambi pang'ono, tianapiye tonse yasaa.

"Tayang'ana m'kamwamo, mwana wanga. Ukusiyanitsa?"

Sindinasiyanitse. Timadontho ta m'kamwa tinali tofanana tonse. Anati mwini chisa amaona kukamwa kwanjala, safunsa kumene dzira linachokera, ndipo palibe mwana wake amene wagwetsedwa pansi. Kenako anandikhazika pamzere kuti ndimvetsere. Pamsuku paja Kamchira anali kuimba, ndipo pakati pa kuimba kwakeko munkatuluka kakhweru kenikeni ka kampheta kaja.

"Nyimbo imeneyo anaitenga m'chisa chomwe anadyera," anatero.

Madzulo ake Esinati anandibenthulira chimanga.

Mayi anga anadzabwera patapita zaka, ndipo ndinawakonda mpaka tinawaika m'manda. Koma lero kuno ku Nathenje, ndikabereka chidzukulu kumbuyo kuti chigone, nyimbo imene imatuluka m'kamwa mwangamu ndi ya mayi aang'ono, mawu ake onse, ndi popumira pomwe. Ndimaseka ndekha, ine. Ndinatha dzinja lonse kufunafuna chisa cha Kamchira, chonsecho usiku uliwonse ndinkagona momwemo.