Mapepala Amene Ba Anti Anataya

Ndinasiya yunivesite m'chaka chachiwiri, ndipo chifukwa chake musandifunse. Masiku ano ndimasindikiza ndi kumata mabuku a ophunzira m'kasitolo ka amalume ku Kabwata. Ntchitoyi imandikomera. Makina sandimvera chisoni.

Ambiri obwera kuno ndi a m'mabanki, ophunzira zamalonda Loweruka. Mutu wachiwiri wa mabuku awo, uja wofotokoza zimene ena analemba kale, umanditopetsa. Amangotola zimene zabwera pamwamba pa intaneti, basi.

Tsiku lina anabwera mayi wa ku Chelstone, mnzawo wa amayi anga kukwaya. Ankafufuza ngati maphunziro a zamalonda amathandizadi azimayi a m'misika. Mphunzitsi wawo anali atabweza mutu wachiwiri kawiri. Ukanabwezedwa kachitatu, mayiyo akanadikira chaka china kuti amalize.

"Iwe mwana wanga, unapitako kuja ku yunivesite," anatero. "Mapepala ni aya, mbwee. Afuna chani uja munthu?"

M'mphepete mwa tsamba mphunzitsiyo anali atangolemba kuti: Munafufuza bwanji?

Ndinawerenga mwachangu mapepala a ofufuza ena amene anabweretsawo. "Ba anti, munawapeza kuti?"

"Pa foni."

"Onse avomelezana na imwe. Kunalibe wokana?"

"Analipo. Ninawataya. Anali kuononga nkhani yanga."

Ndinaseka mpaka amalume anandiyang'ana. "Ndiye mwaitana mboni zokukondani chabe."

"Ulibe ulemu iwe."

"Ulemu nilibe, koma nkhalani pansi."

Tinakhala masana atatu pakompyuta ya pakona. Ndinawapatsa kope kuti azilemba: tafufuza kuti, ndi mawu ati, tsiku liti, zatuluka zingati. Pepala lililonse lotayidwa, alembe chifukwa. "Sindinalikonde" ndinakana kuti si chifukwa. Tinasintha mawu ofufuzira kangapo, tinatsikira masamba a m'munsi, tinatsata mabuku amene olembawo ankatchula kumapeto. Okana aja anabwerera onse, ndipo anabwera ndi anzawo.

Ba anti anadandaula njira yonse. Mutu wawo, amati, wayamba kukangana wokha ngati msonkhano wa makolo kusukulu. Ndinawauza kuti alembe mkanganowo mmene ulili, ndi kope lija aliike kumapeto kuti wina aliyense athe kubwereza.

Patapita masabata awiri anatsika minibasi atanyamula fulasiki ya tiyi ndi vitumbuwa m'pepala.

"Wavomela uja munthu. Sindikiza mutu wachitatu, ndipo usauwelenge."

Ndinauwerenga.