Amake Mapasa ku Karate

Amake mapasa a ku Nathenje amaphunzira karate Loweruka lililonse m'kalasi ya kupulayimale, pakati pa anyamata a kusekondale. Amuna awo ali ku Joni, ana onse asanu akulera okha, ndipo maso awo amakhala ofiira ndi tulo. Anthu akamawaseka, iwo amangoti, "Bola kumenya mphepo kusiyana n'kumenya mwana."

Tsiku lina pomaliza, mphunzitsi anauza onse kuti agwade, atsinzine, apume mofatsa. Anyamata atadzuka, mayiwo anali akuliza mkonono ali chigwadire.

Mphunzitsi anawagwedeza paphewa. "Taweruka, dzukani."

Iwo anayankha osatsegula maso. "Ndisiyeniko pang'ono, aphunzitsi. Ndi kuno kokha kumene kulibe wondikoka chitenje."