Kufunafuna Kwawo kwa Mayi Nasitaziya

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha kufooka kwa maso a munthu wina. Nditalemba mayeso a Fomu 4, zaka zija matipate atangoyamba, ndinapita ku ofesi ya parishi yathu cha ku Namitete kukatenga kalata yanga ya ubatizo. Akatekisiti aakulu, a Mwale, anatsegula buku n'kuyamba kulisuzumira ngati akufuna nsabwe m'malaya. Poona kuti dzuwa lindilowera pomwepo, ndinazungulira tebulo n'kuloza dzina langa ndekha. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kufunsa ngati ndinali ndi chochita kunyumba. Lolemba lotsatira ndinali ndi mpando wanga ndi kiyi wa kabati.

M'kabatimo munali mabuku a ubatizo, a ulimbitso, a maukwati ndi a omwalira. Akalekale analembedwa ndi ansembe achizungu, mitu yake m'Chilatini, inki itafiira, m'mphepete njenjete zitadya. Mayina a anthu athu ankawalemba monga makutu awo anamvera, moti dzina limodzi unkalipeza litalembedwa mosiyana m'buku lililonse. A Mwale anandiphunzitsa kuti munthu akabwera ndisathamangire kufunsa chaka, chifukwa ambiri sachidziwa ndipo amangotchula chilichonse kuti asachite manyazi. Uyambe ndi dzina la ubatizo, kenako la kumudzi, dzina la mayi ake, nthambi ya tchalitchi imene ankapemphera, ndi chimene chinachitika nthawi imeneyo, kaya njala, kaya kumangidwa kwa msewu. Ukatero umatenga lula n'kumatsika naye mzere ndi mzere. Kunyambita chala potsegula tsamba kunali mlandu. Ukapeza, umakopera pa kadi, bambo mfumu asaine, iwe udinde chidindo.

Ambiri obwera anali ofuna kumanga ukwati. Koma kunkabweranso a m'tauni ofuna kudziwa makolo awo, ndi ena olimbirana munda amene ankafuna kuti buku liwachitire umboni woti agogo awo ndiwo anayamba kukhala pamalopo. Amenewa akapeza zosawakomera ankakwiyira ine, ngati ndine ndinabatiza agogo awowo.

Tsiku limene sindiliiwala linali la m'nyengo yosoka fodya. M'mawa kunabwera mwamuna wina dzina lake Lusiyano, tenanti wa pa esiteti ina ya kufupi, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Mayi ake, a Nasitaziya, anali atamwalira dzulo lake kuchipatala ndipo thupi linali ku mochale. Pa esiteti panalibe manda. Kapitawo anamuuza kuti lole yonyamula maliro ipezeka mawa lake lokha, iye angonena kwawo kwa malemuwo. Vuto linali pomwepo: kwawoko sankakudziwa. Mayiwo anabwera kuno ali kamtsikana, pamodzi ndi makolo awo amene anali matenanti, ndipo moyo wawo wonse unathera pa maesiteti, pano dzinja limodzi, apo awiri. Akawafunsa za kwawo ankangoti n'kutali, kum'mwera. Bambo ake a Lusiyano anapita ku Zambia kalekale osabwerera. Kwawo kukapanda kupezeka tsiku lomwelo, mayiwo akanaikidwa kumanda a alendo, kumene mvula ikagwa kawiri mtumbira sudziwikanso kuti ndi wa yani.

"Pepani achimwene," anatero, chipewa chili m'manja, "mayi anga asakagone ngati analibe anthu."

M'buku la ubatizo ndinawapeza msanga, poti anabatizidwa ali wamkulu, atatsala pang'ono kukwatiwa. Koma pamalo olemba mudzi panali dzina la esiteti ina imene inatha kale, pano ndi minda ya chimanga. Ndinatsitsa buku la maukwati. M'menemo, pansi pa mayina a okwatiranawo, munali mayina a ankhoswe, ndipo wa kuchikazi anali a Gabiliyele, mudzi wawo utalembedwa bwinobwino, cha kunjira ya ku Nsaru. Mtima wanga unati myaa. Kwathu kuno nkhoswe ya mkazi imakhala mlongo wake kapena atsibweni ake, mwini mbumba, ndiye ndinaona kuti kwawo kwapezeka. Lusiyano anapempha kuti tipite kumudziko nthawi yomweyo.

A Mwale sanasangalale nafe. Anandilola kuti ndimuperekeze pa njinga ya parishi, koma tikutuluka anati, "Mukakawapeza, musakawatchule atsibweni iwo asananene okha."

Njira inali matope okhaokha, ndipo malo ena njingayo ndi imene inkakwera ife. Tinafika dzuwa litapendeka. A Gabiliyele anali moyo, nkhalamba yowonda, ndipo tinawapeza m'chigafa akusoka fodya ndi mlongo wawo, a Nabanda. Malonje asanathe n'komwe, Lusiyano anagwada, mawu a a Mwale ataiwalika, n'kunena kuti atsibweni, mlongo wanu watisiya. Nkhalambayo inayang'ana a Nabanda, amene anali khale pambali pawo ali bwinobwino, n'kufunsa kuti kodi mlongo wake uti. Ndinatulutsa pepala limene ndinakoperapo ndi kuwawerengera mayina. Anaganiza nthawi yaitali, singano ili m'manja, kenako anakumbukira.

Anati pa unyamata wawo ankayendetsa ngolo pa esiteti inatha ija. Nasitaziya atafuna ukwati, wansembe anakana kudalitsa popanda ankhoswe, ndipo mtsikanayo makolo ake anali atamwalira, analibe mbale ngakhale mmodzi. Ndiye akhristu anzake a mumphakati anawapempha iwo kuti aimirire. Matenanti ambiri ankatero, ankabwereka ankhoswe monga momwe munthu amabwerekera jekete la ukwati. Za kwawo kwa mtsikanayo iwonso sankadziwa, kupatula zoti ankatchula phiri ndi minda ya tiyi.

"Mwana wanga, ine si atsibweni ako," anatero. "Ndinangobwerekedwa."

Lusiyano anakhalabe chogwada. Patapita kanthawi anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati kunali buku lina limene sitinaliwone. Ndinamuuza kuti kulibe. Chisoni chinandigwira, komanso ndinkaganiza za matope a pobwerera.

A Nabanda anapepesa mwaulemu wonse, koma anaonetsetsa kuti tamva kuti nkhaniyo yathera pomwepo. A Gabiliyele atafunsa kuti nanga maliro akaikidwa kuti, n'kumva za manda a alendo, anayamba kung'ung'udza, ndipo mlongo wawoyo anadziwiratu kumene maganizo awo akulowera. Anawadula. Anati manda a pamudzi ndi a mbumba, si a aliyense wodutsa ndi njira. Lero mulandira maliro, mawa ana a womwalirayo abwera kudzati mayi athu agona pano, tipatseni munda, eti? Malo ake ati, poti ana awo omwe akulimbirana kadimba kamodzi? Sanali kulakwa mayiwo. Milandu yotereyi ndinkaiona ndi maso ku ofesi kuja.

A Gabiliyele anabaya singano pa mtolo wa fodya n'kupukuta manja pa thalauza.

"Pa chinkhoswe chake tambala wa kuchimuna ndinalandira ndine, ndipo ndinadya," anatero. "Tsiku limenelo ndinanena pamaso pa anthu kuti ndi mlongo wanga. Ndimukane lero chifukwa wafa?"

Anakangana ndithu, motsitsa mawu, ife tili kunja kwa chigafa. Mapeto ake a Nabanda analola, koma anaika lawo: Lusiyano akanene pamaso pa amfumu ndi mboni kuti iye ndi ana ake sadzapempha munda pamudzipo. Lusiyano anavomera asanamalize n'komwe kulankhula. A Gabiliyele ndi Lusiyano anapita kwa amfumu kukatula maliro, malo anapatsidwa kumphepete kwa manda, ndipo adzukulu anauzidwa kuti alawirire kukumba. Ine ndinabwerera ndekha kukauza kapitawo kumene lole ipite.

Mawa lake a Mwale ndiwo anatsogolera mapemphero, ine nditawanyamulira chikwama. Anthu a pamudzipo anabwera ambiri ndithu, ngakhale panalibe amene ankamudziwa womwalirayo. A Nabanda ndiwo ankatsogolera amayi kukhitchini, nkhope ili gwa, koma ntchito ikuyenda. Itafika nthawi yoti mwini mbumba anene mbiri ya malemu, a Gabiliyele anaimirira. Mbiri yake inali yaifupi zedi. Anatchula dzina, anatchula mwana, anati malemuwa anali olimba pa ntchito ya fodya, n'kumaliza kuti kumene anabadwira sakukudziwa, koma kuyambira lero kwawo ndi kuno.

Pa ofesi ija ndinakhalapo zaka zingapo ndisanapite ku uphunzitsi, ndipo anthu ofuna makolo awo sanasiye kubwera. Kuchokera tsiku limenelo ndikapeza dzina la nkhoswe kapena la kholo la ubatizo, ndinkawauza kuti buku likungonena kuti munthuyu anaimirira pamenepo. Zoti anali mbale kapena wobwereka mukafunse kwa amoyo, ndipo mufulumire akadalipo. Achinyamata a pa maesiteti obwera kudzatenga makalata a ukwati ndinkawafunsa ngati akudziwa mudzi wa mayi awo ndi dzina la mfumu yake. Akati ayi, ndinkawabweza kuti akafunse kaye, ndipo ena ankanditukwana kuti ndikuwachedwetsa. Ndinkawabwezabe. A Nasitaziya anapeza pogona, koma abale awo enieni kum'mwera kuja, ngati alipo, mpaka lero sanamve kuti anamwalira.