Mizere ya pa Botolo la Aida

Ku Msumba mukafunsa za Dona Lidiya, amene amapereka mankhwala pa zenera la kachipatala ka kumtunda, ambiri angakuuzeni kuti ndi mayi wouma mtima. Olankhulawo anaiwala za Carlos.

Lidiya anakulira ku Likoma, kumene makolo ake anathawira nkhondo. Atabwerera kwawo anakaphunzira za mankhwala ku Lichinga. Chaka chake choyamba pa ntchito, mlongo wake Carlos anavulala msana, madokotala n'kumulembera morofina, mankhwala amphamvu aja oletsa ululu. Carlos ankabwera masiku asanakwane, akusisima kuti “achemwali, atha,” ndipo Lidiya ankamupatsa. Tsiku lina masana Carlos anagona pansi pa mtengo wa mango, osadzukanso.

Chiyambire pamenepo Lidiya sasewera ndi morofina. M'mbali mwa botolo amamatamo pulasitala n'kulembapo mizere khumi ndi inayi, mzere umodzi tsiku limodzi. Wofuna lina abweze lakale. Wobwera masiku asanakwane ayambe waonana ndi a tekiniko, amene amayeza odwala, ndipo kabati ya mankhwalawo satsegula munthu mmodzi: kiyi wina amasunga Lidiya, wina a tekinikowo.

Lolemba lina kunafika a Basil, msodzi wokalamba amene akazi awo, a Aida, anali chigonere ndi khansa. Botolo linali gwaa, masiku anayi asanakwane.

“Dona, latayika,” anatero a Basil, maso ali pansi.

“A Basil, mwezi watha linatayikira m'bwato, lero latayikira kumtunda. Inu amene simutaya ndi usipa umodzi womwe?”

Mkuluyo anangopotokola chipewa. A tekiniko anali ku Metangula mpaka Lachinayi, ndiye kuti a Aida akhala masiku atatu ndi ululu wosaneneka. Lidiya anachita mantha. Kodi akugulitsa? Kapena odwalawo akumwa mopyola, ngati Carlos? Atatseka zenera anapalasa njinga kukadzionera yekha.

Anawapeza a Aida pa mkeka, ataluma nsonga ya chitenje.

“Usawazunze amuna anga, sadziwa kunama,” anatero a Aida. “Ndimagawana ndi Zaituni, kuseri kwa mpandawu. Nthenda yake ndi yomweyi, koma akuchita manyazi kuyezedwa ndi mwamuna. Pothawa nkhondo tinakwera bwato limodzi, chinangwa chimodzi tinabenthulirana. Lero ndizimumva akubuula, ine ndizimwa ndekha?”

Ndi mmene anthu akuno alili. Mchere, moto, panado, zonse zimayenda khomo ndi khomo, ndipo womana mnansi amachita kumuloza zala. A Aida ankamwa theka la muyezo wawo, theka lina n'kudutsa pa mpanda m'kapu, koma ululu ukakula ankawonjezera, botolo n'kutha msanga.

Lidiya anapsa mtima, chisoni chilinso pomwepo. Anathamangira kwa a Zaituni n'kuwapeza ali moyo, atawonda ngati bango, akupuma bwino. Anathokoza Mulungu, koma pobwerera sanabise mawu.

“Amayi, muyezo wanu ndi wa thupi lanu. Mukadawagoneka anzanuwa tulo tosadzuka.”

“Ndamva. Nanga lero undipatsa?”

“Sindingathe mpaka kinta-fera, Lachinayi. Kiyi winayo ali ku Metangula.”

“Mwana iwe ndiwe mwala,” anatero a Aida, n'kutembenukira kukhoma.

Masiku atatuwo anali aatali. Lidiya ankabwera madzulo aliwonse ndi mapiritsi wamba amene sankaphula kanthu, n'kumawasisita msana. Amayi a ku tchalitchi obwera kudzazonda ankamuyang'ana cham'mbali. Mawu a mwala aja ankamuwawa kwambiri.

Lachinayi a tekiniko atafika, Lidiya anawatengera kumudziko. A Zaituni analola kuyezedwa pokhapokha Lidiya atawagwira dzanja. Tsiku lomwelo panatuluka mabotolo awiri, lililonse ndi dzina lake ndi mizere yake, ndipo a Aida analonjeza kuti kapu ija sidutsanso pa mpanda.

A Aida anakhala masiku asanu ndi anayi, akugona bwino, kenako anatisiya.

Maliro atatha, a Basil anafikanso pa zenera, wapansi, ndevu zosameta. Anamasula kansalu n'kuika botolo pa thabwa.

“Anandituma asanapite,” anatero. “Anati, ukamuonetse mwana uja, aone yekha.”

Lidiya anakweza botololo poyera. Mankhwala anali ndendende pa mzere wachisanu ndi chinayi, osapyola ngakhale dontho. Anatseka zenera anthu ali pa mzere, ndipo amene anali pafupi anamumva akulira.